Uvuni wa gasi ukuyaka n'kuzimanso pakangopita masekondi ochepa, ndithandizeni

Mayi_wa_Masikono, Nkhotakota boma

Akuluakulu, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo sabata ziwiri tsopano. Ndili ndi kabekale kakang'ono pa boma pano. Timaphika mabanzi, masikono ndi buledi, ndipo Loweruka kukapezeka ukwati timaphikanso keke. Tilipo anayi: ine, mwana wa achemwali anga amene amakanda ufa, ndi anyamata awiri a njinga amene amaperekera m'maokala ndi pa siteji. Timayamba 2 koloko usiku kuti pofika 6 koloko katundu akhale atatuluka. Amene amatigula kwambiri ndi amayi ogulitsa tiyi kudoko, asodzi akamakocheza. Mukachedwa ola limodzi lokha, msika wa tsiku limenelo wapita.

Uvuniwu ndinaugula chaka chatha ku loji ina ya ku Senga Bay imene inkasintha zipangizo za kukhitchini. Ndi wa gasi, wa mathireyi asanu, uli ndi fani kumbuyo yomwaza mpweya wotentha. Tinaubweretsa pa lole kudzera msewu wa M5, titaumanga pa matiresi akale. Miyezi isanu ndi iwiri unagwira ntchito popanda chodandaula. Masikono ankatuluka ofanana onse, mpaka makasitomala ankafunsa ngati ndalemba ntchito wophika watsopano.

Pano zikuchitika ndi izi. Ndikatembenuza kabatani, fani imayamba kuzungulira, kenako kumamveka te-te-te-te, moto n'kugwira. Ndikagwada n'kusuzumira pa kabowo ka m'munsi ndimaliona lawi ndi maso angawa. Koma ndikawerenga kufika pa 6 kapena 7, pamamveka kuti tha, moto wazima. Umayesanso wokha kachiwiri, kachitatu, kenako kagetsi kofiira kamayaka, basi kuli zii. Mpaka nditazimitsa pa khoma n'kuyambiranso.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti magetsi a pa pholo akakhalapo, nthawi zambiri umagwira, mwina ukangolephera kamodzi. Koma magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, umakaniratu, ngakhale ndiyese kakhumi. Jeneretayo ndi yatsopano, ya petulo, ya 3 kVA. Ndinaigula mu May, jenereta yakale itapsa. Mababu ikuyatsa bwinobwino, makina okandira ufa ikuyendetsa, fani ya uvuniwo ikuzungulira. Nanga moto wa gasi ukukhudzana bwanji ndi jenereta?

Pali zinanso. Ukagwira, sukuphikanso monga kale. Thireyi imodzi yomweyo, masikono a kumbuyo kudzanja lamanja akupserera pansi, a kutsogolo pafupi ndi chitseko akutuluka otuwa, m'kati muli ufa wauwisi. Lawi limene kale linali labuluu pano lili ndi nsonga zachikasu, ndipo pamwamba pa uvuni pamene pamatulukira utsi payamba kuda mwaye. Botolo la gasi, la 19 kg, likafika chapakati limachita thukuta m'munsi, makamaka m'bandakucha. Mwana wa achemwali anga uja akumadandaulanso mutu tikamaliza kuphika, koma ndikuganiza kuti ndi kusagona mokwanira. Masiku ano timatseka mawindo ndi chitseko chifukwa cha mwera, komanso mwezi watha kunagwa nkhungu zambiri, zinkatsata kuwala kwa babu n'kumagwera mu ufa.

Ndinaitana mmisiri wina, sindimutchula dzina. Anangoyatsa kawiri, n'kunena kuti board, kaubongo ka magetsi koyendetsa uvuniwo, yafa, ndipereke theka la ndalama aitanitse ina ku Johannesburg. Sanatsegule ngakhale sikuluwu imodzi. Mtengo umene anatchula ndi wa matumba a ufa a mwezi wathunthu. Mtima wanga ukukana. Pakali pano ndabwerera ku uvuni wakale wa njerwa kuseri kwa nyumba, koma nkhuni zadula ndipo theka la makasitomala ndikulephera kuwafikira. Amene mukudziwa za mauvuni amenewa, ndiyambire pati?

Mmisiri_wa_Dwangwa

Mayi, pepani ndi zimenezi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimakonza zipangizo za m'makhitchini akuluakulu, sukulu ndinachita ku Salima Technical College. Ndisanafike pa zimene mwafunsa, ndiyambe ndi zimene mwangozitchula podutsa.

Mutu wa mwanayo si tulo ayi. Lawi lachikasu, mwaye, mawindo otseka, mutu kupweteka: zinayi zimenezi zikakumana ndiye kuti gasi sakupsa mokwanira ndipo mukupuma carbon monoxide. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu amene amagona ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira. Sununkha, suoneka. Chonde musauyatsenso uvuniwo m'chipinda chotseka, ngakhale pa magetsi a pa pholo, mpaka lawi litabwerera kukhala labuluu. Mwanayo apite kuchipatala akamuone, ndipo akawauze kuti amagwira ntchito pafupi ndi moto wa gasi. Inunso dzifunseni ngati simukumva chizungulire kapena kufooka.

Tsopano za kuzima kwa moto. Board yanu ndikukayika kuti yafa. Taonani zimene ikuchita: ikuyambitsa spark, ikutsegula valavu, ikudikira, ikutseka, ikuyesa katatu, kenako ikudzitseka n'kuyatsa kagetsi kofiira. Imeneyo ndi ntchito yake yeniyeni. Vuto ndi lakuti moto ukuyaka koma board sikuuona, ndiye ikuganiza kuti gasi akungotuluka osapsa, n'chifukwa chake ikutseka.

Imauona bwanji moto? Pafupi ndi burner, chitsulo chimene moto umayakirapo, pali kachitsulo kowonda ngati sipoko ya njinga, kamene nsonga yake imakhala m'kati mwa lawi. Timakatcha flame sensor. Lawi la moto limatha kudutsitsa magetsi pang'ono. Board imatumiza magetsi ku kachitsuloko, amadutsa m'lawi kukafika pa burner, kuchoka pa burner amadzera m'thupi la uvuni kubwerera ku board. Magetsi ake ndi ochepetsetsa, ma microamp owerengeka chabe. Ndiye kanthu kakang'ono kalikonse kamawadula: mwaye pa kachitsulo, dzimbiri pamene burner yamangidwira, waya wa earth wosagwira, kapena lawi lofooka limene silikukuta bwino nsongayo. Kunyanja kuno chinyezi sichichedwa kubweretsa dzimbiri. Board zambiri zimafunanso kuti mawaya atatu a magetsi, live, neutral ndi earth, akhale m'malo mwake, ndipo majenereta ang'onoang'ono ambiri sapereka zimenezo. Fani ndi mababu zilibe nazo kanthu, zimayenda basi. N'zoona kuti board imatha kufa mbali yomvera moto yokha, ndinazionapo, koma ikanakhala choncho ikanakananso pa magetsi a pa pholo. Nkhani ya jenereta aione wa magetsi, musaigwire nokha.

Zimene mungathe nokha ndi izi. Tsekani gasi pa botolo, zulani pulagi, uvuni uzizire. Masulani chitsulo chophimba cha m'munsi kutsogolo. Musanagwire chilichonse jambulani ndi foni, kuti pobwezera musasokoneze. Mupeza tizitsulo tiwiri tokhala m'timachubu toyera ngati dongo la kapu, kena ndi ka spark, kena ndi ka sensor. Mauvuni ena kamakhala kamodzi kogwira ntchito zonse ziwiri. Kapukuteni ndi steel wool yofewa mpaka kawale, kenako ndi kansalu kouma. Musakapinde. Yang'anitsitsani kachubu koyerako ngati kali ndi mng'alu, chifukwa kakang'aluka magetsi amathawira pomwepo ndipo kamafunika kena. Tsatirani waya wake mpaka ku board muone ngati sanapserere kapena kukhwepa.

Kenako yang'anani kumene gasi amalowera mu burner. Pali kabowo kakang'ono ka mkuwa, jet, ndipo kutsogolo kwake pali mpata umene mpweya umalowera n'kusakanikirana ndi gasi. Mwanena za nkhungu, ndiye ndikukhulupirira kuti pamenepo patsekeka. Ndakumanapo nazo kambirimbiri kuyambira ku Dwangwa kuno mpaka ku Chia: nkhungu zouma, ukonde wa kangaude, ngakhale zisa zadothi za mavu. Mpweya ukachepa lawi limasanduka lachikasu, limachita mwaye, mwayewo umakaphimba sensor. Chotsani ndi burashi youma, mupemerere ndi pampu ya njinga. Koma jet musaitokose ndi singano kapena waya. Mkuwa ndi wofewa, bowo likakula pang'ono pokha gasi azituluka wambiri mpaka kalekale.

Mundiwerengerenso kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala m'mbali kapena kuseri. Ngati palembedwa G30 kapena G31, ndi 28 mpaka 30 mbar kapena 37 mbar (mbar ndi muyeso wa mphamvu imene gasi amakankhira), ndiye kuti ndi wa gasi wa m'mabotolo, amene tili naye kuno. Ngati ndi G20, 20 mbar, unapangidwira gasi wa m'mapaipi wa maiko akunja, ndipo ma jet ake ndi a mabowo aakulu. Poti wanu unayaka labuluu miyezi isanu ndi iwiri, sindikudera nkhawa kwambiri pamenepa, komabe onani. Regulator, kachipangizo ka pa botolo kochepetsa mphamvu ya gasi, nayo ikhale yogwirizana ndi nambala imeneyo, osati zija zopotokola zimene anyamata a chipisi amaika pa mbaula zawo. Mukamaliza kubwezera, pakani thovu la sopo polumikizira paliponse mutatsegula gasi. Pakatuluka timabaluni ndiye kuti pakudontha. Machesi ayi.

Kamuzu_Road_Boy

Amayi, musavutike ndi zambirizi. Kwathu ku Salima kuno bwana wanga anali ndi uvuni wa vuto lomweli, mnyamata wina anangolumikiza valavu molunjika ku switch, sensor n'kuisiya pambali. Timayatsa ndi kapepala, tikuphika mpaka lero. Ndalama yake inali yochepa kwambiri. Bizinesi siidikira.

Mmisiri_wa_Dwangwa

Achimwene, ndikumvetsa kuti mukufuna kuthandiza, koma zimenezo ayi, ndipo ndikukupemphani mukawauze abwana anu sabata ino. Sensor imeneyo ndiyo yokha imene imatseka gasi moto ukazima. Mukaichotsa, tsiku lina mphepo ikazimitsa lawi kapena botolo likatsamwa kamphindi n'kuyambiranso, gasi azingothira m'bokosi lotseka lachitsulo, inu muli kalikiliki kukanda ufa. Gasi wa m'mabotolo ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kumwamba, amadikha pansi ngati madzi. Amene adzawerame ndi kapepala koyaka kuja ndi inuyo, osati abwana. Chitseko cha uvuni wotere chimalemera, ndipo chikathomoka chimapita ndi munthu.

Ngakhale uvuni uli bwinobwino, ukalephera kuyaka dikirani mphindi zisanu chitseko chili chotsegula musanayesenso. Mayi, inunso mwati mumayesa mpaka kakhumi, lekani zimenezo.

NaPhiri_Senga_Bay

Achemwali, ine si mmisiri, ndine wophika chabe, koma ndakhala pa uvuni wa mtundu umenewu zaka zambiri pa loji ina kuno, ndiye ndiyankhepo za kupserera mbali imodzi.

Yambani ndi chitseko. Tengani kapepala ka m'kope, mukapanikize ndi chitseko uvuni uli wozizira, mukoke. Chitani choncho pamwamba, pansi, m'mbali monse. Pamene kapepala kakusololoka mosavuta ndi pamene kutentha kukuthawira. Labala wa m'mphepete uja akakalamba amauma n'kukhala gwa, ndipo masikono a pafupi ndi chitseko ndi amene amayamba kutuwa. Mahinjesi nawo amagwa, makamaka ngati ana a ntchito amatsamira pa chitseko potulutsa mathireyi. Ine ndimakalipa kwambiri pa chimenechi.

Chachiwiri, thirani madzi pang'ono mu thireyi muike m'kati. Madzi akathamangira ngodya imodzi, uvuni wapendekeka, konzani miyendo. Simenti ya m'mabekale athuwa siikhala yosalala.

Koma ine mtima wanga uli pa fani. Kumbuyo m'kati muli chitsulo chimene chimaiphimba, chimachoka ndi masikuluwu kapena chimangokolekedwa. Mukachichotsa, pulagi itazulidwa, mudzaona zimene ufa ndi mafuta zimachita. Zimamatirira pa mapiko mpaka timipata tonse kutsekeka, ndiye fani imazungulira koma mpweya sukuyenda. Ife timatsuka kamodzi pa mwezi ndi madzi ofunda a soda ndi burashi, kusamala kuti madzi asapite ku mota. Izungulitseni ndi dzanja, iziyenda mofewa, osakhula pena paliponse. Yathu nthawi ina inkazungulira mwaulesi, poyamba inkachita kung'ung'udza kaye, ndipo mmisiri anapeza kuti ndi capacitor, kachitini kakang'ono ka pambali pa mota. Anasintha, zinatheka. Kameneko musakagwire ndi manja, kamasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Kuseri kwa mota kumene imapumira yang'ananinso, nkhungu zimadzaza kumeneko.

Gulaninso thermometer ya mu uvuni, ija yokoleka pa shelefu. Nambala ya pa kabatani musamaikhulupirire kwambiri uvuni ukakhala wakale. Komanso uvuni wa fani umafuna kutentha kotsikirapo ndi madigiri pafupifupi 15 poyerekeza ndi wopanda fani. Ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira maoda akachuluka, munthu umafuna kudzaza thireyi mpaka m'milomo. Siyani mipata, mpweya uzipeza podutsa.

Za botolo lochita thukuta, ndi chifukwa chakuti uvuni ukukoka gasi mofulumira kuposa mmene botolo lingaperekere. M'botolo gasi amakhala wamadzi, ndipo kuti asanduke mpweya amatenga kutentha kuchokera ku chitsulo cha botololo, n'chifukwa chake limazizira. Likatsala pang'ono, m'bandakucha wa June, mphamvu imatsika ndipo lawi limafupika. Ife tinalumikiza mabotolo awiri a 48 kg pamodzi, ali panja m'kakhola ka waya, pamthunzi. Musalithire madzi otentha, musaliyandikize ku moto, musaligoneke. Ndinaonapo anthu akuchita zonsezi.

Wa_Magetsi_Benga

Mayi, amisiri a ku Dwangwa alasa pomwepo. Ndiwonjezere za jenereta poti ndi mbali yanga.

Pa magetsi a pa pholo, mukayeza ndi mita pakati pa live ndi earth mupeza pafupifupi 230 V, pakati pa neutral ndi earth pafupifupi ziro, chifukwa awiriwo ndi olumikizana kumene magetsi akuchokera. Pa majenereta ang'onoang'ono ambiri neutral siilumikizidwa ku thupi la jenereta, imangoyandama. Mukayeza mumapeza manambala osamveka, mwina theka uku theka uku. Board imene imadalira earth kuti imve moto imasokonezeka pamenepo. Jenereta yanu yakale mwina inali yolumikizidwa kale, n'chifukwa chake simunaone vuto mpaka May.

Koma chenjezo: munthu asangobwera n'kumanga neutral ku thupi la jenereta asanayeze. Alipo majenereta ena amene pakati pa koyilo yawo ndi pomwe palumikizidwa kale ku thupi. Oterowo mukamanga waya wina, mwapanga shoti, koyilo ipsa. Wa magetsi ayeze jenereta ili yozima kuti adziwe kuti ndi mtundu uti. Ikakhala yoyandama, amalumikiza n'kukhoma chitsulo cha earth pansi. Ikakhala ya mtundu winawo, njira yake ndi kuika isolation transformer, chipangizo cholekanitsa magetsi a mbali ziwirizi, pakati pa jenereta ndi uvuni. Dothi lathu la mchenga likauma silipereka earth yabwino, ndiye chitsulocho chilowe mozama, pamalo pa chinyontho.

Asanayambe zonsezo, atsegule mapulagi a chingwe chimene mumalumikizira jenereta. Mukhale mawaya atatu: wa bulauni ndi live, wa buluu ndi neutral, wobiriwira ndi chikasu ndi earth. Mawaya akale amakhala ofiira, akuda ndi obiriwira. Zingwe zopanga pakhomo nthawi zambiri ndimazipeza zili ndi awiri okha, kapena atasinthanitsidwa. Ndipo jenereta ikhale panja, kutali ndi windo, utsi wake ulinso ndi carbon monoxide yemweyo. Ngati mumailumikiza ku mawaya a nyumba yonse, pakhale changeover switch, yosankhira pakati pa magetsi a pa pholo ndi a jenereta, osati pulagi ya mbali ziwiri yolowetsa pa soketi. Imeneyo imabweza magetsi ku pholo ndipo ikhoza kupha munthu amene akukonza mawaya kumeneko.

Mayi_wa_Masikono, Nkhotakota boma

Akuluakulu nonse, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Ndakhala chete masiku anayi chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zenizeni.

Bambo a ku Dwangwa, nditawerenga mawu anu oyamba aja ndinakhala pansi, miyendo inazizira. Mwanayu achemwali anga anandipatsa kuti ndimuphunzitse ntchito, ine n'kumamuuza kuti azigona msanga mutu usiya. Jenereta nayo inkakhala pakhonde, pansi penipeni pa windo, poopa akuba. M'mawa mwake tinapita kuchipatala tonse awiri. Anatiyeza n'kunena kuti tisagwirenso ntchito m'chipinda chimenecho chili chotseka. Chisiyireni kuyatsa uvuniwo sanadandaulenso mutu.

Lachiwiri masana tinatsegula m'munsi muja. Ndinajambula kaye monga munanenera. Kachitsulo ka sensor kanali bii ngati kunsi kwa mphika wa pa mafuwa, ndipo nditakakhudza chala changa chinada. Kachubu koyera kalibe mng'alu, ndinakaunika ndi tochi mbali zonse. Ndinakapukuta mpaka kanayamba kuwala. Koma zimene tinapeza polowera mpweya! Nkhungu zouma zitaumbana ndi ufa ndi mafuta, zolimba ngati chikondamoyo chogonera, zotsala pang'ono kutseka mpata wonse. Tinatulutsa zodzaza kapu ya tiyi, ndipo zina zinatuluka titapemerera ndi pampu. Kuseri kwa mota nakonso zinali momwemo. Jet sitinaikhudze. Pa kachitsulo ka m'mbali palembedwa G30/G31, 28-30/37 mbar, 16 kW, ndipo pa regulator palembedwa 28 mbar, 1.5 kg/h. Thovu la sopo linaonetsa kudontha pang'ono pamene payipi yalabala imalowa mu regulator. Payipiyo inali itachita ming'alu, tagula ina ndi zomangira zatsopano, tinayesanso ndi sopo, palibe kanthu.

Titayatsa pa magetsi a pa pholo, mawindo onse ali pululu, unagwira ulendo woyamba. Lawi labuluu, lokhazikika, lofanana kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ndinagwada pa kabowo kaja nthawi yaitali ndikungoliyang'ana.

Pa jenereta unakanabe. Lachitatu ndinaitana wa magetsi wa kutchalitchi kwathu, ndinamuwerengera zimene munalemba bambo a ku Benga. Atatsegula pulagi ya chingwe chathu anapeza mawaya awiri okha, phini ya earth ili yokhayokha. Chingwecho anatipangira ndi mmodzi wa anyamata anga tsiku limene jenereta inabwera, ndipo ine ndinamuyamikira kuti wapulumutsa ndalama. Anayezanso jenereta ili yozima, anati ndi yoyandama ija. Wapanga chingwe chatsopano cha mawaya atatu, walumikiza neutral, wakhoma chitsulo kuseri pafupi ndi pamene timatsukira mathireyi poti m'ponyowa nthawi zonse. Jenereta taisamutsira kuseri kwa bafa, tikumangira kanyumba ka njerwa kokhala ndi loko. Usiku wa dzulo magetsi anathima cha m'ma 3 koloko, tinayatsa jenereta, uvuni unagwira kamodzi n'kamodzi, ndipo sunazime mpaka tinatulutsa thireyi yomaliza. Anyamata anafika kudoko nthawi yake.

M'mawindo tikuika waya wa sefa wotchinga udzudzu kuti azikhala otsegula usiku wonse. Babu la pakhomo talisunthira pa mtengo wa mango, kuti nkhungu zikabweranso zizikathera kumeneko. Kalipentala abwera Lolemba kudzaboola pamwamba pa khoma kuti utsi wa uvuni uzitulukira panja.

Achimwene a ku Kamuzu Road, sindikukunyozani, inenso ndikanapanda kufunsa kuno mwina ndikanalola zomwezo chifukwa cha kupanikizika. Koma chonde kawauzeni abwana anuwo. Mwina nawonso ndi mwaye chabe pa kachitsulo.

Achemwali a NaPhiri, zanu nazo ndayesa. Madzi anathamangira kumbuyo kudzanja lamanja, komwe kumapsererako, ndiye takweza mwendo umenewo. Fani inali ndi chikhakha chokhuthala, tinatha ola lathunthu tikuchotsa. Kupserera kwachepa kwambiri, koma mzere wa kutsogolo ukadali wotuwirako, moti pakali pano ndikumatembenuza mathireyi pakati pa kuphika. Kapepala kanasololoka pamwamba kudzanja lamanzere popanda kukoka n'komwe, ndipo labala wa pamenepo wauma, wang'ambika kutalika ngati chala changa. Capacitor anaiyeza wa magetsi uja, akuti yatsikirako poyerekeza ndi nambala yolembedwapo, wailemba pa pepala kuti ndikagule yofanana. Botolo likuchitabe thukuta likafika chapakati. La 48 kg silingatheke mwezi uno, ndiye ndikuganiza zogula lachiwiri la 19 kg kuti azilumikize pamodzi. Bambo a ku Dwangwa, kodi regulator yanga ya 1.5 kg/h ikwanira pa 16 kW, kapena ndisinthiretu?

Mmisiri_wa_Dwangwa

Mayi, ndasangalala kumva za mwanayo. Kilogalamu imodzi ya gasi ameneyu imapereka pafupifupi 13 mpaka 14 kWh, ndiye uvuni wa 16 kW ukamayaka mwamphamvu umadya pafupifupi 1.2 kg pa ola. Regulator yanu ikukwanira koma ili pafupi ndi malire ake, ndipo simungawonjezerepo chitofu china. Poti mukulumikiza mabotolo awiri, gulani ya 4 kg/h, mbar yomweyo, ndipo alumikize ndi munthu wodziwa za gasi, ayeze ndi manometer, chida choyezera mphamvu ya gasi, uvuni ukuyaka. Mabotolo akhale panja, oimirira.

Labala wa pachitseko musamate ndi guluu wamba kapena chubu cha galimoto, zipsa n'kununkhitsa buledi. Dulani kachidutswa pamene pang'ambikapo mupite nako, kuti akakupatseni wa maonekedwe omwewo, wopirira kutentha.

Mayi_wa_Masikono, Nkhotakota boma

Ndamva bambo. Ndadula kachidutswa ka labala, ndakakulunga pamodzi ndi pepala la nambala ya capacitor. Ndayezanso kuzungulira chitseko chonse ndi tepi ya telala wa pafupi nafe kuti ndisakagule wamfupi. Lachisanu ndikwera minibasi ya m'mawa kudzera ku Salima kupita ku Lilongwe. Amene mukudziwa mbali ya tauni kumene kumapezeka zipangizo za mauvuni a mabekale, ndilozereni, chifukwa ndiyenera kubwerera tsiku lomwelo, Loweruka ndili ndi keke ya ukwati wa ku Mwansambo.